Mafuta Amene Anayanikidwa Padenga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kutsuka mabotolo. Ndinali nditamaliza maphunziro a zamulabotale ku Blantyre n'kubwerera kwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi, pepala langa lili m'manja. Pepalalo linagona musutikesi zaka ziwiri mpaka mphemvu zinayamba kulilawa m'mbali. Ine ndinkangothandiza amayi kumenya nandolo ndi kuyankha anthu ondifunsa panjira kuti, "Adokotala, muyamba liti?" Kwathu aliyense amene anavalapo chikhothi choyera ndi dokotala, ngakhale akhale wogulitsa nyama.

Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, azakhali anga anandikokera pambali. Anati bungwe lina loona za kadyedwe ka ana latsegula kalabotale pa boma, ndipo mkulu wa pamenepo akufuna womuthandiza, atathamangitsa kale anthu awiri. "Akuti ndi munthu wovuta, wosamva za anzake," anatero azakhaliwo. "Ndiye ndinaganiza za iwe, Lusiya. Mukagwirizana."

Munthu wovutayo anali a Makwinja, bambo wamfupi wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anagwirapo ntchito zaka zambiri mulabotale ya esiteti ina ya tiyi asanapume. Ine ndinafika nditaloweza mabuku onse, koma envelopu yanga sanaitsegule n'komwe. Anandilozera beseni la mabotolo agalasi n'kunena kuti, "Tsukani." Ndinatsuka mtima ukuwawa, n'kutsukuluza katatu ndi madzi otchezedwa monga anatiphunzitsira. Iwo anatola botolo limodzi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali pakhomo powala.

"Madontho sakukakamira," anatero. "Mubwere Lolemba."

Ntchito yathu inali yoyeza vitamini A m'mafuta ophikira. Vitamini ameneyu amathandiza maso a ana ndi kuwateteza ku matenda, ndipo oyenga mafuta amamuthira m'mafutamo kuti afike m'nyumba za anthu popanda wina kumwa mapiritsi. Vuto ndi loti akathiridwa saoneka, samveka kukoma, sanunkhira. Mafuta amene muli vitamini ndi amene mulibe n'chimodzimodzi ngakhale kwa mayi amene wakhala akukazinga mandasi moyo wake wonse. Ndiye kuti tidziwe zoona, tinkafunsa makina.

Makinawo dzina lake ndi sipekitirofotomita, koma ife tinkangoti makina, chifukwa munalibe ena opikisana nawo. Kukula kwake ngati kasutikesi. M'kati mwake muli nyale yotulutsa kuwala kumene maso saona, kotchedwa UV. Kuwalako kumadutsa m'kagalasi momwe tathira sampulo, ndipo makina amawerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwamezedwa panjira. Kuwala kuli ndi misinkhu yake, imene timaisankha ndi manambala ngati mmene mumasakira siteshoni pa wailesi. Vitamini A amameza kwambiri kuwala kwa pa 325. Tikauza makina kuti ayende kuchokera pa 280 mpaka pa 400, amajambula mzere papepala, ndipo ngati vitamini alimo, mzerewo umakwera n'kupanga kaphiri nsonga yake ili pa 325. Vitamini akachuluka, kaphiriko kamatalika.

Kunena n'kosavuta. Kuchita kwake, a Makwinja anandiphunzitsa miyezi itatu asanandilole kudina batani ndekha. M'mawa tinkayatsa makina n'kuwasiya theka la ola kuti nyale itenthe, iwo akumwa tiyi wopanda shuga n'kumanyoza tiyi wa masiku ano. Kenaka ndinkayeza magalamu awiri a mafuta pa sikelo, m'kabotolo kofiirira ka khosi lalitali, n'kuthira mankhwala osungunulira otchedwa hekiseni mpaka pamzere wa pakhosipo, dontho lomaliza ndi kapaipi kodonthezera kotchedwa pipeti, diso lili pamzere pomwepo. Popeza m'mafuta muli zinthu zinanso zimene zimameza kuwala, tinkayamba tayeza mafuta a mtundu womwewo amene sanathiridwe vitamini, n'kuuza makina kuti awa ndiwo ziro. Ameneyo ndiye bulanki. Tinkakonzanso timabotolo tisanu tokhala ndi vitamini amene kuchuluka kwake tikukudziwa kale, kuti kaphiri ka sampulo tikhale ndi pokayerekezera.

Timagalasi tothiramo sampulo, timene m'mabuku timatchedwa makiyuveti, tinali tiwiri tokha. Si galasi wamba, chifukwa galasi wamba limatsekereza UV. A Makwinja ankatisunga m'kabokosi ka nsalu yofewa ndipo ankatitcha ana awo. Chala changa chikakhudza mbali yowala ya kagalasi, ankatsokomola kawiri osanena kanthu, ine n'kudziwiratu kuti ndipukute ndiyambirenso. Mazenera onse anali ndi makatani akuda, ndipo botolo lililonse linkakutidwa ndi pepala la siliva, chifukwa vitamini A amadana ndi kuwala. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndipo ndikuzinena pano kuti musadzandimvere chisoni chopitirira.

Lamulo lawo lalikulu silinali la mulabotale. Linali la kumudzi. "Sampulo mumatunga nokha," ankatero. "Pamwamba, pakati, pansi. Ndi dzanja lanu, ndi maso anu." Pa fomu iliyonse panali mzere wolembapo dzina la wotunga.

Mwa anthu amene tinkawayezera mafuta, amene ndinawakonda kwambiri anali gulu la amayi la ku Chiwalo. Ankayenga mpendadzuwa m'kanyumba ka malata ndipo mafuta ambiri ankapita ku sukulu za mkombaphala, kothira m'phala la ana. Pangano linali lakuti mafutawo azikhala ndi vitamini wokwanira. Wapampando wawo anali mayi Sapuwa, munthu wachilungamo koma wamantha ndi chilichonse cholembedwa papepala. Wothira vitamini anali mayi Muhaniwa.

Mayi Muhaniwa anali wamasiye wamkulu kuposa amayi anga, wolankhula Chichewa chokwera ndi kutsika cha Chilhomwe. Sukulu analekezera sitandade 3, koma gulu linawasankha chifukwa sanawamvepo akunama. Chitini cha vitamini chinkakhala m'kabati, ndipo kiyi wake ankamuvala m'khosi pa chingwe chakuda, kutchalitchi ndi kumaliro komwe. Vitaminiyo ankamuyeza ndi jakisoni wopanda singano, n'kumusakaniza kaye m'ndowa, kenaka n'kuthira mumgolo. Wotchi analibe. A Makwinja atawauza kuti azitakasa mphindi makumi awiri, iwo anapeza kuti nyimbo ina ya kwaya yawo akaiimba mavesi onse kanayi nthawiyo imakwana, ndiye ankatakasa akuimba. Tsiku lina anandionetsa kiyiyo n'kunena kuti, "Mwanangu, ku mtundu kwathu palibe amene anasungitsidwapo kiyi wa anthu. Ndine woyamba."

Maulendo oyamba ndinkapita ndi a Makwinja. Iwo akafika sankakhala pansi. Ankapereka moni ali chiimire, n'kulunjika kumgolo ndi chitsulo chawo chotungira, chonga bango lalitali. Amayi aja ankagwedeza mitu n'kumati, "Abambo awa mwambo alibe, koma ndi athu." Ine pansi pamtima ndinkagwirizana nawo amayiwo. Ndinkati ndikadzapita ndekha ndidzawaonetsa kuti sikuti aliyense wophunzira ndi wamwano.

Mwayiwo unabwera m'mwezi wa Okutobala, a Makwinja atapita kumaliro a mlongo wawo ku Thyolo, kumene anakakhalako pafupifupi masabata awiri. Tsiku lopita ku Chiwalo linali litadziwika kale, ndiye Lolemba ndinakwera kabaza wa njinga yamoto ndekha, chikhothi changa chitasitidwa bwino. Anandilandira ngati mkwatibwi. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anabweretsa thobwa ndi chinangwa chophika, anandifunsa za amayi anga ndi za mwamuna amene ndinalibe. Ndikuti ndidzuke ndipite kumgolo, mayi Muhaniwa anatulukira atanyamula kanthu kokulungidwa m'nsalu. Anagwada patsogolo panga n'kukulungula. Linali botolo lagalasi lophwatalala, ndipo mafuta ake anali oyera mbee, oti n'kuwerenga nyuzipepala kuseri kwake.

"Takukonzerani kale, adokotala," anatero. "Musadetse chikhothi chanu."

M'chikwama mwanga munali chitsulo chotungira ndi timabotolo titatu tofiirira. Koma patsogolo panga panali mayi wamkulu atagwada pafumbi, manja awiri atatambasula, amayi ena onse akuyang'ana ndi kumwetulira. Kwathu chimene wamkulu wakupatsa atagwada sufunsa kumene chachokera. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, n'kukuta botololo ndi pepala la siliva mosamala kwambiri, ngati kuti kusamala kwa pamenepo kukanakonza kanthu. Pa mzere wa wotunga ndinalemba dzina langa.

Lachiwiri ndinayeza. Mzere unafika pa 325 n'kungodutsa, kaphiri osaoneka, kupatula kanthu kochepa koti sungakatchule n'komwe. Ndinatsuka timagalasi, ndinakonza bulanki wina, ndinayezanso. Chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Timabotolo tanga tisanu toyerekezera tinkatulutsa timapiri take bwinobwino, kutanthauza kuti makina analibe vuto. Ndili m'kati modabwa choncho, foni inalira. Anali mayi Sapuwa, kufunsa ngati angayambe kugawa mafuta ku sukulu.

Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndikanatha kunena kuti adikire a Makwinja. Koma ndinali nditayeza katatu, ndinali ndekha pampando wa bwana, ndipo mawu anga anayamba kundikomera. Ndinati, "Amayi, m'mafuta anuwa mulibe vitamini."

Mayi Sapuwa anangoti, "Tamva."

Tsiku lomwelo mayi Sapuwa anatseka kanyumba koyengera ndi loko wawo kuti wina asakhudze mgolo. Pofika Lachitatu nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati mayi Muhaniwa amagulitsa vitamini kwa anthu a ku Mozambique, ena ankati amamwetsa zidzukulu zawo, n'chifukwa chake zanenepa masaya. Lachinayi mayi Sapuwa anandiimbiranso kundiuza kuti gulu likumana Lachisanu 3 koloko masana, kuti alande kiyi. Ndinamva chisoni, koma ndinadziuza kuti makina sanama.

Lachisanu m'mawa a Makwinja anabwera, maso ali ofiira ndi tulo ta pamaliro. Ndinawapepesa, kenaka ndinawapatsa mapepala anga atatu ndi kanyadidwe pang'ono, poti ndinagwira wakuba ndekha. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Sanayang'ane pa 325 pamene ine ndinkaloza. Chala chawo chinapita kumanzere kwa pepala, chakumayambiriro kwa mzere.

"Mafuta amene sanathiridwepo vitamini amafanana ndi bulanki," anatero. "Mzere umagona pa ziro kuyambira uku mpaka uko. Nanga uwu wadzukiranji kuno?"

Ndinayang'ana. Zoonadi, chakumanzereko mzere unali utakwera, ngati chulu chimene mvula yachigumula n'kuchikokolera mbali imodzi. Ndinauona Lachiwiri lija koma sindinaulabadire, chifukwa maso anga ankafuna kaphiri kokha.

"Vitamini analowamo muno, koma anaferamo," anatero a Makwinja. "Awa ndi mafupa ake." Anatenga fomu, n'kuika chala pa dzina langa. "A Lusiya, mafuta awa munatunga ndinu?"

Sanakweze mawu. Bola akanakalipa. Ndinawauza zonse: mphasa, thobwa, botolo la m'nsalu, foni ya Lachiwiri, ndi msonkhano wa 3 koloko. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa 8.

"Sindikunena kuti mayiyo ndi wosalakwa," anatero. "Makina sadziwa munthu. Pitani mukatunge, pamwamba, pakati, pansi. Ndipo musakalankhulenso makina asanalankhule."

Ulendo wa ku Chiwalo pa njinga yamoto umatenga ola ndi kanthu, ndipo m'chilimwe fumbi la m'chigwa limalowa mpaka m'mano. Ndinafika dzuwa litakwera kale. Panalibe mphasa. Amayi angapo anali pansi pa mango, ndipo mayi Muhaniwa anali atakhala okha pakhonde la kanyumba kokiyidwa kaja, miyendo atatambasula, dzanja lili pachifuwa pamene panali kiyi. Atandiona nkhope yawo inawala, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene akanandinena.

Anadzuka, anakoka mtondo, anakwerapo n'kutambasula dzanja padenga la malata. Anatsitsa botolo lagalasi lophwatalala, lofanana ndendende ndi lija, lotentha moti analigwira ndi nsonga ya chitenje. Anabwera nalo n'kugwada.

"Ndinayanika awiri, mwanangu," anatero. "Lija linakhala sabata imodzi yokha, kapena silinadikhe bwino, n'chifukwa chake makina anu analikana. Ili ndi mnzake, lakhala masiku khumi ndi limodzi. Taliyang'anani kuyera kwake."

Pamenepo ndinamvetsa zonse. Mafuta a mpendadzuwa akangoyengedwa amakhala osadikha, amtambo pang'ono. Amayi a kumeneko akafuna opatsa mlendo kapena a paukwati, amawasefa pansalu kangapo n'kuwaika padenga kuti dzuwa liwayeretse. Mlendo sapatsidwa za mumgolo. Mayi Muhaniwa atamva kuti adokotala abwera okha koyamba, anatunga mafuta abwino, anawasefa, n'kuwasiya sabata yathunthu pamalata otentha m'botolo loonekera, kundichitira ulemu. Dzuwa la Okutobala linachita ntchito yake.

Ndinafunitsitsa kuwauza pomwepo kuti musadandaule amayi, zonse zili bwino. Koma sindinkadziwa ngati zili bwino. Mgolo ndinali ndisanauyeze, ndipo pakamwa panga panali patalakwa kale kamodzi sabata imeneyo. Ndinaika manja kumbuyo kuti asalandire okha.

"Amayi, pepani," ndinatero. "Lero ndikufuna a mumgolo, ndipo nditunga ndekha."

Anakhalabe chigwadire, botolo lili m'manja. Kenaka mayi Muhaniwa anatsitsa manja pang'onopang'ono n'kuika botololo pansi.

"Ndiye nanunso mwaona kuti ndine wakuba," anatero chapansipansi.

Chiyambire sindinachitepo manyazi ngati amenewo. Mayi Sapuwa anaitanidwa, anatsegula loko, ndipo ndinalowa mumdima wa kanyumbako misozi ikulengeza. Ndinatsegula mgolo, ndinamiza chitsulo pang'ono n'kutseka kumwamba ndi chala, n'kutsanulira m'kabotolo koyamba. Ndinamizanso mpaka pakati, kenaka mpaka chitsulo chinagunda pansi. Mafuta ake anali amtambo, osakongola ngakhale pang'ono, ndipo anandidonthera pachikhothi. Ndinalemba timabotolo tonse titatu, ndinatikuta, ndinapempha mayi Sapuwa kuti asainire kuti aona ndikutunga, ndipo ndinakwera njinga osayang'ana kukhonde.

Ndinafika pa labotale 12 itadutsa. A Makwinja anali atatenthetsa makina ndi kukonza timabotolo toyerekezera, koma masampulo sanawakhudze. Anatsegula kabokosi ka ana awo n'kukakankhira kwa ine. Chifukwa cha phuma magalamu awiri oyamba ndinawapitiriza, n'kuyambiranso. Iwo anatsokomola kamodzi kokha n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinathira hekiseni mpaka pamzere, ndinakhutchumula, ndinaika bulanki, makina anati ziro. Ndinatsukuluza kagalasi ndi sampulo ya pamwamba, ndinakadzaza, ndinakapukuta, ndinatseka chivundikiro. Chala chili pa batani ndinaganiza kuti ngati mzerewu ugona, ndiye kuti kiyi wapita, ndipo ine ndidzakhala nditakana mphatso ya mayi uja pagulu popanda phindu lililonse.

Mzere unayamba pansi, unayenda pang'ono, kenaka unayamba kukwera. Unakwera mpaka pa 325, unakhota bwinobwino, n'kutsika mbali inayo. Ndinayeza ya pakati, kenaka ya pansi. Titasanjikiza mapepala atatuwo n'kuwayang'ana pakhomo powala, timapiri titatu tinaoneka ngati kamodzi. Titawerengera ndi timabotolo toyerekezera, vitamini anali pamlingo wofunika, osachepa, osapitirira.

"Mayi ameneyu amatakasa kuposa fakitale," anatero a Makwinja. Ndinatulutsa foni kuti ndiimbe, koma anandigwira dzanja. "Nkhani yoipa munaitumiza pa foni. Yabwino ipite ndi miyendo." Iwo anaimbira mayi Sapuwa kuwauza mawu awiri okha, kuti adikire. Kenaka anandipatsa cholembera ndi fomu ya Lolemba ija. Ndinakhwatcha dzina langa pa mzere wa wotunga n'kulemba zoona zake.

Ndinafikanso ku Chiwalo cha m'ma 4, fumbi lili mbuu thupi lonse. Sanandidikire. Amayi ena anali ndi madimba oti akathirire, ndiye msonkhano unali utayamba, ndipo kiyi anali kale pamphasa pakati pa bwalo, chingwe chake chakuda chitazengezedwa. Mayi Muhaniwa anali atakhala chakumapeto, mutu uli pansi. M'khosi mwawo munkaoneka kamzere koyererako pamene chingwe chinkadutsa zaka zonsezo.

Sindinadikire mpando. Ndinagwada pafumbi ndi chikhothi changa cha mafuta, n'kuyala mapepala awiri pamphasa. Ndinawaonetsa kaphiri ka mafuta a mumgolo, mgolo umene unali wokiyidwa ndi loko wa mayi Sapuwa kuyambira Lachiwiri. Ndinawaonetsa chulu chogumuka cha mafuta a padenga. Ndinafotokoza kuti vitamini anathiridwa yense, kuti dzuwa ndi limene linamupha m'botolo, ndipo kuti wolakwa ndine, amene ndinalandira mafuta osadziwa kumene achokera, n'kulemba kuti ndatunga ndekha, n'kuthamangira kulankhula. Ndinapepesa kwa gulu, kenaka ndinatembenukira kwa mayi Muhaniwa n'kupepesa kwa iwo.

Kenaka mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye wakubayo ndi dzuwa? Nanga limeneli tikalisumira kwa ndani?" Ena anaseka, koma mayi Sapuwa sanaseke. Anali akuyang'anabe mapepala.

"Adokotala," anatero, "nanga mabotolo amene timaika padzuwa pamsika paja, kuti ogula aone kuyera?"

Ndinawauza kuti nawonso vitamini amachepa tsiku ndi tsiku. Anagwira pakamwa. Kenaka anatola kiyi, anayenda chogwada mpaka kumapeto kwa mphasa, n'kuveka mayi Muhaniwa chingwecho ndi manja awo. "Tinafulumira, achemwali," anatero. "Mutikhululukire." Mayi Muhaniwa anangolowetsa kiyi m'kati mwa bulauzi n'kusisita pachifuwa kawiri. Kuyambira sabata yotsatira mafuta a gululo ankagulitsidwa pamthunzi atafunditsidwa chiguduli, ndipo botolo limodzi lokha la chionetsero ndi limene linkapsa ndi dzuwa.

Anthu akubalalika, ndinamva wina akundikoka chikhothi. Anali mayi Muhaniwa, atanyamula botolo lija ndinalikana m'mawa. Ulendo uno sanagwade. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, fumbi ndi mafuta omwe, n'kupukusa mutu.

"Taonani mwadetsa chikhothi," anatero. "Ili si la makina anu. Vitamini mulibe, mwanena nokha. Koma ndinasefera inu. Mukakazingire amayi anu mazira."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo misozi imene ndinaigwira tsiku lonse inandipulumuka pomwepo.

Lolemba a Makwinja sanatchulenso nkhaniyo. Anangondifunsa, akuyang'ana m'kapu yawo ya tiyi, ngati amayi a ku Chiwalo ayamba kunena kuti nanenso mwambo ndilibe. Ndinati mwina ayamba. "Muzolowera," anatero. "Ine anthu anayamba kundinena ndisanamere imvi, ndipo thobwa amandipatsabe."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi mpaka mawondo anawakaniza kuyenda, ndipo ndimawasowa. Makina amene ndimagwiritsa ntchito masiku ano ndi atsopano, ojambula pa kompyuta, koma kumidzi sikunasinthe. Ndikafika amayala mphasa, ndipo kawirikawiri wina amatulukira ndi kanthu kokulungidwa m'nsalu, kokonzedwa mwapadera chifukwa cha ine. Ndimakhala pansi, thobwa ndimamwa, za mwamuna ndimayankha. Mphatso ndimalandira ndi manja awiri n'kuika m'chikwama cha kunyumba. Kenaka ndimadzuka, ndimapempha kuti anditsegulire mgolo, ndipo ndimatunga ndekha, pamwamba, pakati, pansi, chifukwa ndinaonapo ulemu wanga ukuvula kiyi m'khosi mwa mayi wosalakwa.